Za Mabuku Oti Tiwerenge M'nyumba Zathu Chaka Chino



Chaka chatsopano chatipeza makasu ali m'manja. Chimanga chiri m'maondo, udzu ukulimbana nacho, ndipo munthu akaweruka kumunda safuna china koma nsima ndi mphasa. Tidziwa kuti ino si nyengo imene ambiri aganizira za mabuku. Komabe tasankha kunena za mabuku mwezi womwe uno, pakuti taona kuti ntchito ya mzimu imene siyambidwa mu Januwale imazengerezedwa kufikira masika, ndipo ya masika imazengerezedwa kufikira dzinja lina.

Ife akatekisti timalowa m'nyumba zambiri, poyendera odwala ndi pokonza za maukwati. Si nyumba zochepa zimene ziri ndi Baibulo. Koma tikapempha kuti atibwereke tiwerengepo, mai wa nyumba amayamba wasuntha matumba, natsegula sutikesi, nalitulutsa pansi pa zovala za pa Krisimasi, pamodzi ndi makadi a ubatizo. Ndipo nthawi zina chiswe chimakhala chitatitsogolera, chitawerenga kale kuyambira Genesis kufikira kwa aneneri. Buku limeneli alilemekeza ndithu, koma ulemu wotere ngwofanana ndi wa munthu amene aikira mlendo mpando wabwino, osalankhula naye. Zipatso zake tiziona. Mwana walandira Ulimbitso ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo maphunziro ake a za Mulungu athera pomwepo. Akakula napita ku tauni, akomana ndi munthu wonyamula buku m'khwapa amene amfunsa chifukwa chake tipempherera akufa, kapena chifukwa chake tilemekeza Amai Maria. Iye asowa poyankhira, achita manyazi, ndipo pakutha miyezi itatu timva kuti wasiya Misa. Mlandu wa mwana ameneyo suli pa ansembe okha. Wansembe afika kutchalitchi chakumudzi mwina kamodzi pa mwezi, koma tate ndi mai akhala ndi mwanayo usiku uliwonse.

Tiyambe ndi buku loposa onse. M'chinenero chathu Malembo atembenuzidwa kangapo. Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chaka cha 1922, ndi ntchito ya amishoni a mipingo ina, ndipo Chinyanja chake nchokoma kumva, koma mulibe mabuku asanu ndi awiri amene Eklezia Katolika awawerengera m'Chipangano Chakale. Malembo Oyera, amene anamasulira Bambo Louis Villy a chipani cha White Fathers, anatuluka mu 1966, ndipo okalamba ambiri anakula nao. Buku Loyera linatuluka mu 1998, Akatolika ndi a mipingo ina atagwirira ntchito pamodzi. Pogula, musangoyang'ana chikuto: tsegulani tsamba la maina a mabuku, muone ngati alipo Tobiti, Yuditi, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo. Baibulo lathu liri ndi mabuku 73, ndiwo 46 a Chipangano Chakale ndi 27 a Chatsopano.

Tsono pali msampha umodzi umene wagwira anthu ambiri achangu. Munthu alumbira pa 1 Januwale kuti adzatsiriza Baibulo lonse chaka chisanathe, nayamba pa tsamba loyamba. Nkhani za Adamu, Nowa, Abrahamu ndi Yosefe zimkoka bwino. Aoloka Nyanja Yofiira pamodzi ndi Mose. Koma akafika m'buku la Levitiko, pakati pa malamulo a nsembe ndi a nthenda za pakhungu, mphamvu zimthera, ndipo pofika Febuluwale buku labwerera m'sutikesi. Baibulo liri ndi mitu yoposa 1,300, ndipo silinalembedwe kuti mlendo alowere khomo limenelo. Ife tikulangizani kuti muyambe ndi Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera. Ndiwo waufupi mwa inai yonse, mitu yake ndi 16 yokha, ndipo nkhani zake zithamanga: Ambuye ali m'ngalawa, ali m'sunagoge, achiritsa wakhate, adyetsa khamu la anthu, osapuma. Banja lowerenga theka la mutu usiku uliwonse lidzautsiriza m'mwezi umodzi, ngakhale m'nyengo ino ya kutopa.

Kawerengedwe kake kakhale kotere. Mutadya, mbale zisanachotsedwe ndi ana asanabalalike, yatsani nyali, muchite chizindikiro cha mtanda. Wina awerenge mokweza ndi mosafulumira. Kenaka tate afunse mafunso awiri kapena atatu: Ambuye anali kuti? Ananena chiani kwa munthuyo? Nanga ife pano? Mwana wamng'ono ayambe kuyankha, akulu atsirize, chifukwa akayamba akulu ana sadzatsegulanso pakamwa. Mutseke ndi Atate Athu. Zonsezi sizitenga nthawi yoposa imene mai atenga pophika ndiwo za masamba. Tate amene sadziwa kuwerenga asachite manyazi kupatsa buku mwana wake wa Sitandade 5. Mwana apereke maso, tate apereke nzeru, pakuti nkhani ya wofesa mbeu aimva bwino ndi amene wagwira khasu zaka makumi anai.

Kwa ofuna muyeso wa chaka chonse, nawa mawerengero awiri amene atikondweretsa. Mthenga Wabwino wa Luka uli ndi mitu 24, ndipo buku la Ntchito za Atumwi, limene analemba Luka yemweyo, liri ndi mitu 28. Pamodzi ndi 52, monga masabata a chaka. Banja lotha kusonkhana Lamulungu lokha likhoza kuwerenga mutu umodzi pa sabata, niliyenda kuchokera ku Betelehemu kufikira ku Roma chaka chisanathe. Olimbikira koposa adziwe kuti Chipangano Chatsopano chonse chiri ndi mitu 260: mitu isanu pa sabata, Lolemba kufikira Lachisanu, ndiye kuti chatha. Ndipo amene afuna kuyenda limodzi ndi Misa akumbuke kuti Eklezia awerenga Mateyo m'Chaka A, Marko m'Chaka B, Luka m'Chaka C. Njira yodziwira njapafupi: chaka chimene nambala yake igawika ndi 3 popanda chotsala, monga 2025 kapena 2028, ndicho Chaka C, chotsatira ndi A, chinacho B, koma chaka cha Eklezia chiyamba pa Adventi, osati pa Januwale. Mu 2019 Papa Francis anaika Lamulungu lachitatu la pa chaka kuti likhale la Mau a Mulungu. Tsikuli ligwa cha kumapeto kwa Januwale, ndipo amene adzakhale asanayambe ayambe pamenepo.

Lenti atipeza nthawi ya njala, nkhokwe zitapepuka. Benedict Woyera, tate wa amonaki, analamula m'malamulo ake kuti poyamba Lenti mmonaki aliyense alandire buku limodzi, aliwerenge lonse mwa dongosolo lake, osadumphadumpha. Mwambo umenewu ngwoyenera ngakhale kwa ife a pabanja. Buku limene tiliika patsogolo pa nyengoyi ndi lija lotchedwa m'Chilatini Imitatio Christi, ndiko kunena kutsanza Kristu, limene ambiri avomereza kuti analilemba Thomas à Kempis, amene anamwalira mu 1471. Mitu yake njaifupi, ndipo siinyengerera munthu: inena za kudzitama, za miseche, za kupirira zofooka za anzathu, za imfa. Tinene mosabisa kuti linalembedwera anthu a m'nyumba ya amonaki, ndipo pena lilankhula ngati kuti kucheza ndi anthu nkutaya nthawi. Mai wa ana asanu ndi mmodzi asavutike mtima ndi mau otere, atole zimene zimthandiza. M'Sabata Loyera ikani mabuku ena onse pambali, muwerenge masautso a Ambuye, mitu 18 ndi 19 ya Yohane.

Pasaka ikapita, zokolola ziyamba kulowa, ndipo apa ndipo pagona nkhani ya ndalama. Ambiri ati mabuku ngodula, ndipo sanama. Koma tawerengani ndalama zimene zituluka m'nyumba mwezi wogulitsa fodya, mtedza kapena soya: nsalu, wailesi, matayala a njinga, ndi zina zimene zithera kumowa osasiya chizindikiro. Patulani mtengo wa buku limodzi tsiku lomwelo logulitsa, ndalama zisanagone m'nyumba. Banja logula buku limodzi pa chaka lidzakhala ndi mabuku khumi mwana wobadwa lero asanalandire Ukaristia kachiwiri ndi kachitatu pa Pasaka. Ndipo mabanja khumi a mu mphakati umodzi akapangana kuti aliyense agule losiyana ndi la mnzake, onse adzawerenga mabuku khumi pa mtengo wa limodzi.

Mwezi wa Juni, usiku utalika, mphepo izizira, anthu asonkhana pamoto. Imeneyi ndiyo nyengo ya mbiri za anthu oyera, ndipo tipempha kuti nyumba iliyonse iyambe ndi Amartiri a ku Uganda, amene tiwakumbukira pa 3 Juni. Ansembe a White Fathers anafika ku Buganda mu 1879, Bambo Siméon Lourdel ndi Bulazala Amans. Chipani chomwecho ndicho chinadzamanga misoni ya Mua mu 1902. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chifikire ansembewo ku Buganda, pa 15 Novembala 1885, mfumu Mwanga inapha Joseph Mukasa Balikuddembe, kapitao wa anyamata a kunyumba yachifumu, chifukwa anaidzudzula. Mu Meyi 1886 inalasa mnyamata Denis Ssebuggwawo chifukwa chophunzitsa mnzake katekisimu. Charles Lwanga, poona kuti imfa yayandikira, anabatiza usiku akatekumeni amene anali m'manja mwake, mmodzi mwa iwo Kizito, mwana wa zaka ngati khumi ndi zinai. Pa 3 Juni 1886 Lwanga ndi anzake ambiri anatenthedwa pa Namugongo, ndipo Akristu a mpingo wa Anglikani anafera pamodzi nao. Akatolika 22 anatchulidwa odala mu 1920, ndipo Papa Paul VI anawalemba m'gulu la oyera mu 1964.

Pali kanthu kamodzi m'mbiri imeneyi kamene kakhudza nkhani yathu ya lero. M'chinenero cha kumeneko, Akristu oyambawo anali kutchedwa abasomi, ndiko kuti owerenga, chifukwa kuphunzira chikhulupiriro ndi kuphunzira kuwerenga zinali kuyendera pamodzi. Anyamata aja analibe Baibulo lathunthu m'chinenero chao. Anali ndi katekisimu wamng'ono ndi mapemphero, naphunzitsana usiku mobisala. Ife tiri ndi Baibulo lotembenuzidwa kangapo, ndipo palibe mfumu imene itiletsa. Mukawerengera ana anu nkhaniyi, musafulumire kuitanthauzira. Ingowerengani, muone nkhope zao pofika pa Kizito.

Pafupi ndi amenewa tiikepo Benedict Daswa wa ku South Africa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu, katekisti ndi tate wa ana asanu ndi atatu. Mphezi zitagwa m'mudzi mwao, akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe ndalama zoitanira sing'anga wodzaloza mfiti. Iye anakana kusonkha, nati mphezi ndi chilengedwe, ndipo sadzapereka ndalama zoti munthu wosalakwa aphedwe nazo. Anamupha pa 2 Febuluwale 1990, ndipo anatchulidwa wodala mu 2015. Palibe mudzi mwa midzi yathu umene nkhaniyi ingamveke yachilendo. Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene anagwidwa ukapolo ali mwana namwalira ali sisiteri ku Italy mu 1947, asungwana athu amdziwenso.

Chilimwe ndi nyengo ya maukwati, ndipo buku la nyengoyi liri kale m'Baibulo mwanu: ndilo la Tobiti, la mitu 14. Sitidziwa buku lina limene anthu a kumudzi alimvera ndi chidwi chotere. Muli nkhalamba yolungama ku Ninive imene iika maliro a anthu otayidwa, ngakhale mfumu yaletsa. Muli khungu limene liigwera, ndi umphawi wotsatapo, mkazi wake Ana nayamba kugwira maganyu. Muli ndeu ya m'banja imene aliyense adzaizindikira: Ana abwera ndi kambuzi kamene ampatsa pamwamba pa malipiro, mwamuna wakhunguyo amva kulira kwake, naumirira kuti nkakuba, mkazi namyankha mau owawa. Kenaka mnyamata Tobiyasi anyamuka ulendo wokatenga ndalama za atate ake, galu ali pambuyo, mnzake wa paulendo ali mngelo Rafaele wosadziwika. Akwatira Sara, amene amuna asanu ndi awiri anamfera usiku wa ukwati. Awiriwo ayamba apemphera asanagone. Ndipo mpongozi, amene anakumbiratu manda usiku, awakwirira msangamsanga kusanache. Ana aseka pamenepa, ndipo kusekako si tchimo. Ankhoswe amene alangiza achinyamata chaka chino awerenge nao mutu 4, malangizo a tate kwa mwana wake, ndi mutu 8, pemphero la akwati.

Kwa okwatira kale tikutchulirani buku la Francis de Sales Woyera, episkopi wa ku Geneva, limene linatuluka mu 1609, lotchedwa m'Chingerezi Introduction to the Devout Life. Iye analilembera anthu a m'dziko, osati amonaki, ndipo chiphunzitso chake chachikulu nchakuti kupembedza kwa episkopi, kwa mmisiri ndi kwa mai wapabanja sikungafanane, koma onse aitanidwa ku ungwiro. Mwa mabuku onse a oyera, ili ndilo tikadakonda kuliona m'nyumba iliyonse. Buku lotere likapezeka m'Chingerezi chokha, mwana wa kusekondale awerenge ndime imodzi, aifotokoze m'Chichewa. Apindula kawiri, ndipo Chingerezi chake chikhala chagwira ntchito pakhomo asanapite nacho kukafuna ntchito kwina.

A m'madera a ansembe a Montfort, amene anayamba ntchito pa Nzama mu 1901, ali ndi ngongole kwa Louis-Marie Grignion de Montfort Woyera. Buku lake la kudzipereka koona kwa Maria Virgo liri ndi mbiri yodabwitsa. Analilemba cha m'ma 1712, namwalira mu 1716 lisanasindikizidwe; linakhala lobisika zaka zoposa zana limodzi, kupyola m'nthawi ya chipwirikiti cha ku France, kufikira linapezeka pakati pa mabuku akale mu 1842. Papa John Paul II, amene anatichezera ku Malawi mu 1989, ananena poyera kuti bukuli linasintha moyo wake ali mnyamata. Montfort aphunzitsa kukonzekera kwa masiku 33 munthu asanadzipereke kwa Yesu kudzera mwa Maria. Woyamba pa 13 Julayi atsiriza pa chaka cha Kukwezedwa kwa Maria, 15 Ogasiti. Woyamba pa 5 Novembala atsiriza pa 8 Disembala. A Legio ya Maria atsogolere anzao pamenepa. Koma tichenjeze kuti bukuli nlolimba, ndipo munthu asalitenge asanadziwe Mthenga Wabwino.

Miyezi yotsala tiidutse mwachidule. Kumapeto kwa Ogasiti tikumbukira Monica ndi mwana wake Augustine, anthu a mu Africa muno, a dziko limene lero litchedwa Algeria. Amai amene ana ao asochera apemphe wina awafotokozere za buku la Confessions, m'mene Augustine asimba za misozi ya amai ake ndi za ubatizo wake ku Milan mu 387. Okutobala ayamba ndi Thérèse wa ku Lisieux, amene anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24, nasiya mbiri ya moyo wake imene iphunzitsa kuchita zazing'ono ndi chikondi chachikulu. Mu Novembala, mwezi wa mizimu ya ku Purigatorio, tsegulani buku lachiwiri la Amakabeo: mutu 12 ndiwo yankho kwa ofunsa chifukwa chake tipempherera akufa, ndipo mutu 7 ndi nkhani ya mai amene analimbikitsa ana ake asanu ndi awiri pa imfa. Pa Adventi, mitu iwiri yoyamba ya Luka.

Katekisimu asachoke pa tebulo chaka chonse. Wamkulu uja wa Eklezia yense anatuluka mu 1992, ndipo chidule chake cha mafunso ndi mayankho 598 chinatsatira mu 2005; koma kakatekisimu kakang'ono kamene munaphunzira pokonzekera ubatizo nkokwanira kuyambira, funso limodzi Loweruka lirilonse. Makalata a Aepiskopi athu nawonso asamathere pa guwa. Achinyamata ambiri amva dzina lokha la kalata ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, imene inagwedeza dziko lino. Pakhale wina woifunafuna, aiwerenge mu mphakati, okalamba asimbe m'mene zinaliri tsiku limene inawerengedwa.

Wina adzati: nthawi tiribe. Koma nthawi yoyang'ana pa foni ipezeka, ngakhale batire likhale lolipira potchaja. Sitinena kuti foni njoipa. Ena asungamo Baibulo lonse, ndipo achita bwino. Tingokumbutsa za Ignatius wa ku Loyola, msilikali amene anathyoka mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona mu 1521. Ali chigonere anapempha mabuku a nthano za ankhondo ndi za chikondi, koma m'nyumbamo munapezeka awiri okha, moyo wa Kristu ndi mbiri za oyera. Anawawerenga chifukwa chosowa china. Pambuyo pake anazindikira kuti maganizo a za dziko anali kumkondweretsa kanthawi namsiya wouma mtima, pamene maganizo otsanza oyera anali kumsiya wokondwa ngakhale atapita. Yesani muyeso womwewo pa zimene muwerenga usiku, muone chimene chitsala mu mtima m'mawa.

Za kasungidwe: buku likhale m'thumba la pulasitiki chifukwa cha kudontha kwa denga, lipachikidwe kapena liikidwe pa thandala, osati pansi pamene chiswe chifika, ndiponso osati m'sutikesi. Pa tsamba loyamba la Baibulo lembani maina a ana ndi masiku a ubatizo wao. Mphakati uliwonse usankhe munthu mmodzi wosunga kope, alembemo dzina la buku, mwini wake, wobwereka ndi tsiku lobweza, pakuti maubale ambiri aonongeka ndi buku lobwerekedwa losabwerera. Ndipo pagawidwe anyamata ndi asungwana awiriawiri okawerengera akhungu, okalamba ndi odwala kamodzi pa sabata. Amene afuna kuitanitsa mabuku apereke maina kwa katekisti wao ikatha Misa, Lamulungu la Mau a Mulungu lisanafike, kuti Bambo Mfumu adziwe chiwerengero popita ku tauni.